Mandolini ya Finye pa Mowa wa Msudzulo

Padangokhala, kale lija nyama zinkakwatirana osayang'ana kuti uyu ngwa ubweya uyu ngwa mamba, padali Finye woimba mandolini.

Ana a lero mandolini simuidziwa, ndiye imani ndikuuzeni. Ndi kachibale ka banjo, ka nsambo zoyenda ziwiriziwiri, koma kumsana kwake n'kozungulira ngati chipanda. Finye adaitenga ku migodi ya ku Joni. Anzake adabwerako ndi njinga, mabulangete ndi majekete olemera. Iye adafika atakumbatira kachipanda kolira basi, m'thumba mulibe ngakhale singano. Kwawo adamuseka mpaka kugwira nthiti. Koma pamudzi wa anchenzi padali namwali wina, Nabengo, amene sadaseke nawo, ndipo Finye adakalowa chikamwini kumeneko.

Magule ake a nthawi imeneyo, abale inu! Finye akaima pakati pa bwalo, Nabengo ali pambali pake kuvomera nyimbo, ngakhale wa nyamakazi ankaiwala ndodo. Amayi ankapsereza ndiwo, abusa ankasiya mbuzi zikudya mmera wa eni, ndipo m'mawa mwake milandu inkachuluka, koma wodandaula za guleyo padalibe. Nyimbo imene inkawagwira mtima onse idali ya munthu wobwera kuulendo wautali chimanjamanja, ataima pakhomo, akufunsa ngati alipo womutsegulira. Pothera pa ndime iliyonse Finye ankakweza mawu kufunsa funso limenelo, Nabengo n'kuyankha ndi mawu ake opyapyala kuti chitseko sichidatsekedwe chichokereni iye. Anthu ankangoitcha nyimbo ya chitseko.

Zaka zidapita. Awiriwa mphatso ya ana sadaione. Kenaka Nabengo adayamba kudwala, adadwala nthawi yaitali, n'kutsikira kuli chete. Chiyambireni matendawo Finye sadaimenso pabwalo. Ankangokhala pakhonde, mandolini ili pantchafu, kumaimba motsitsa nyimbo zopanda wovomera.

Tsono mwambo mukuudziwa. Mkazi akamwalira, abale ake amaphika mowa wa msudzulo, n'kumuuza mkamwini kuti wamasuka, abwerere kwawo. Koma kwa Finye kwawo kudali kuti? Makolo adatha, abale adabalalika, pamudzi paja padasanduka bwinja. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha: kukhala pamudzi pamene padagona Nabengo, kuti tsiku lake likadzafika adzamuike pafupi naye.

Mwinimbumba pamudzipo adali Nchenzi, mlongo wake wa Nabengo, ndipo mlamu wakeyo sankamufuna. Ankati mlongo wake adakalamba msanga chifukwa ankalima yekha mwamuna ali kutokosa nsambo. Bodza lenileni silidali, poti Finye ndi khasu sankamwerana madzi.

Tsiku loviika chimanga cha chimera, Nchenzi adaitanitsa mbumba yonse. Finye adabwera ndi nkhoswe yake, Likongwe, mnzake wa ku Joni uja. Likongwe adali wochenjera moti akadatha kugula nkhuku kwa mwini wake n'kulipira ndi mazira a nkhuku yomweyo, mwini wake n'kuthokoza.

"Alamu," adatero Nchenzi, "chimera taviika. Mowa ukapsa tikusudzulani. Mwatumikira, mwatha."

"Ndipite kuti, alamu?" adafunsa Finye.

"Kumene mudachokera. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Inu nokha ndi amene mwachedwa."

Apo a Nkhanga, namkungwi wa pamudzipo, amene adalanga atsikana onse kuyambira Nabengo yemwe, adakonza kukhosi.

"A mwinimbumba, mukachotsa ameneyu atiimbira ndani? Ine mandolini imeneyi ndidaivinira miyendo ikadali yangayanga."

"Kuimba kwake kuti, mayi? Kokhala pansi kuja? Wokhala pansi amaimbira maliro. Gule amafuna woimba woimirira."

"Nanga akaimirira?" adalumphira Likongwe.

Nchenzi adaseka, mano ake aakulu aja ali poyera. Adali ataona kale kuti mlamu wake sakuimbanso chiimirire, ndipo ankayesa ndi ukalamba.

"Aime pabwalo ngati kale, aimbe nyimbo ya chitseko kuyambira poyamba mpaka pothera, mandolini osagwa. Akatero akhale. Ndamupatsa mpaka tsiku lomwa mowa."

"Tavomera!" adatero Likongwe.

Finye sadavomere kanthu. Adangozyolika, chifukwa vuto ankalidziwa. Akakoka mpweya woti afunse funso la m'nyimbo lija, mimba yake inkafufuma, monga achitira afinye onse, ndipo chozungulira pa chozungulira sizigwirana. Dzanja lamanja limakhala pansambo, lamanzere liyenera kuyendayenda pakhosi pa mandolini posintha mawu, ndiye silingayende kwinaku likunyamula. Atakhala pansi ntchafu inkamuthandiza. Ataimirira padalibe chomuthandiza.

Tsiku loyanika chimera, Likongwe adafika ndi chingwe cha luzi la mombo. Adamanga mbali ina kumchira kwa mandolini, ina kumutu kwake.

"Koleka m'khosi."

"Khosi lake liti?" adafunsa Finye, poti mutu wake udangomera pathupi.

"Koleka pamene likadakhala."

Mbumba idasonkhana. Finye adaima, n'kuyamba. Ndime yoyamba idayenda bwino, ndipo mapewa a ntchembere adayamba kugwedezeka okha. Atafika pa funso lija adakoka mpweya, mimba n'kufufuma. Chingwe chidakwera, chidakwera, n'kudutsa pamutu kuti psiti! Mandolini idagubuduka mpaka pamapazi pa Nchenzi. Funso lidatuluka lokha lopanda nsambo, ndipo pamene pankamveka yankho la Nabengo padangoti zii.

"Luzi n'lomangira denga, alamu," adatero Nchenzi. "Chimera chikuuma."

Tsiku lophika mowa, Likongwe adafika ndi chigoba cha ulimbo.

"Gona chagada."

"Iwe, ndine mbalame ine?"

"Mbalame ikatera pamenepa siuluka. Mandolini iposa mbalame?"

Adamupaka mimba yonse, n'kumatapo mandolini. Idagwira ndithu. Finye adayenda nayo mpaka pabwalo manja ali m'mwamba, Likongwe akunyadira pambuyo. Koma mandolini imalira ndi msana wake, ndipo ukaumata pathupi mawu amafera momwemo. Finye adaliza ndi mphamvu zake zonse, koma chotuluka chidali ngati kulira kwa nkhuku yotsekeredwa m'thumba.

A Nkhanga adaika dzanja kukhutu. "Wayamba, kapena akukungabe nsambo?"

Dzuwa nalo lidachita zake. Ulimbo udasungunuka, n'kuyenderera mpaka pansambo. Pofika pa funso lija zala za Finye zidali zitamatirira, ndipo adafunsa ngati alipo womutsegulira manja onse awiri ali omangika. Ana adagwa nacho chikhakhali. Pa yankho padatinso zii.

"Tamvana tsopano," adatero Nchenzi. "Chingwe ayi, ulimbo ayi. Kale lija mudalibe zimenezi. Ndipo inu a Likongwe, tsiku lomwa mowa mudzakhale kutali. Wa kuchimuna aliyense asadzayandikire. Manja anu sindiwakhulupirira."

Madzulo a tsikulo Likongwe adakhala pakhonde kumatula mandolini ndi mafuta a nsatsi, Finye akubuula khungu likamakokeka.

"Tandiuza, mnzanga," adatero Likongwe. "Mimba iyi ndidaidziwa ku Joni, ndipo inkafufuma chimodzimodzi. Nanga zaka zonse zija unkatani?"

Finye adayang'ana mandolini ili m'manja mwa mnzake.

"Sindidaimbepo ndekha chiimirire," adatero. "Gule woyamba pamudzi pano, mandolini idayamba kuterereka ndime yoyamba yomwe. Ndidati basi, manyazi andipha kwa eni. Nabengo adaona. Adasendera ngati akubwera kudzavomera nyimbo, n'kulowetsa phewa lake pansi pa mutu wa mandolini. Kuyambira pomwepo ankaima kumanzere kwanga gule aliyense. Ndikafufuma, kulemera konse kunkapita paphewa pake."

"Ndiye anthu ankati mkaziyu alibe manyazi, kukakamira mwamuna pagulu!"

"Ankatero. Amayi ake adamukalipirapo, alamuwa adamukalipirapo. Iye ankati, 'Alekeni anene ine, asaseke inu.' Paphewa paja padachita chikanga, Likongwe. Posambitsa maliro amayi adachiona, n'kumati ndi mtolo wa nkhuni."

Adalira Finye, kulira kwa munthu wamkulu, kopanda phokoso. Adamusowa mkazi wake tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro. Likongwe adapitiriza kupukuta nsambo imodziimodzi, osamuyang'ana.

"Phewa ndili nalo," adatero pambuyo pake, "koma wa kuchimuna waletsedwa."

"Ndiye kwatha. Undithandize kumanga katundu."

"Wa kuchimuna waletsedwa," adabwereza Likongwe pang'onopang'ono. "Za wa kuchikazi sadanene."

"Ndani wa kuchikazi angayerekeze, alamu akuona?"

"Pita ukagone. Katundu usamange."

M'mawa wa tsiku lomwa mowa, Likongwe adamutenga Finye ngati akupita kukaona mitsuko, koma adamudutsitsa kuseri kwa bafa la Nchenzi. M'katimo munkamveka madzi, mwini wake akusamba. Likongwe adaima pomwepo n'kuyamba kunong'ona, kunong'ona kwake komveka mpaka kukhola.

"Mankhwala aja ndapaka."

"Mankhwala a..."

Likongwe adamuponda phazi. M'bafa muja madzi adasiya kumveka.

"Ndapaka kumutu kwa mandolini, pamene pali zokungira nsambo. Sing'anga wati iima yokha ngati yakhomeredwa ndi msomali. Koma chenjera. Wa magazi amodzi ndi malemu asagwire pamenepo nyimbo ili m'kati. Kungokhudza kulibe kanthu. Koma akagwiritsa kuyambira poyamba osasiya, mankhwala asukuluka, ndipo pa mawu omaliza mandolini igwa. Wamva? Usauze munthu."

Adachokapo. Atafika patali, madzi adayambanso kumveka, ndipo wosambayo ankaimba mluzu.

Finye tsopano adali atamvetsa, ndipo mantha adamugwira.

"Akazindikira pakati pa nyimbo asiya, Likongwe."

"Akasiya wasiya. Ine ntchito yanga ndi kumufikitsa pamenepo. Kumusunga ndi ntchito yako."

Dzuwa litakwera, mitsuko ya mowa idatulutsidwa, koma padalibe wololedwa kumwa nkhani isanathe. Finye adaima pakati pa bwalo atakumbatira mandolini. Asanakhudze nsambo, Nchenzi adadzuka pampando.

"Dikirani. Anthu awa ndi achinyengo. Ine ndiima pano, ndigwira apa, ndione ndi dzanja langa kuti palibe chobisika."

Likongwe, kutali kumene adamuika, adadziponya pansi. "Ayi! Mayo! Si mwambo umenewo! A Nkhanga, taonani nkhanza! Gwirani pena paliponse, a mwinimbumba, koma osati kumutuko!"

"Kumutu komweko," adatero Nchenzi, n'kugwira zolimba.

A Nkhanga adayang'ana Likongwe akugubuduka m'fumbi, adayang'ana Nchenzi, n'kupukusa mutu.

"Mwafuna nokha, a mwinimbumba. Mbumba yonse yamva kuti palibe wakukakamizani. Nyimbo ikatha mandolini isanagwe, mawu anu aja aima."

"Aima," adatero Nchenzi.

Finye adatsamiritsa mkono wamanja m'mphepete mwa mandolini mopepuka, msana wa mandoliniyo n'kuusiya upume. Dzanja lamanzere lidapezeka lomasuka, lopanda chonyamula. Adakhudza nsambo.

Mawu amene adatuluka adali a kale aja. Ntchembere zidayang'anana. Wina adaimba nthungululu asanaganize n'komwe, ndipo a Nkhanga adapatsira mdzukulu ndodo yawo n'kulowa m'bwalo. Akuluakulu amene adavina nyimboyi ali anyamata adadzuka mmodzimmodzi, mawondo akulira, n'kumapeza kuti miyendo ikukumbukirabe. Ana amene adaseka tsiku la ulimbo adangoti kukamwa yasa.

Lidafika funso. Finye adakoka mpweya, mimba idafufuma, mandolini idakankhika, ndipo kulemera konse kudapita m'dzanja la Nchenzi. Dzanjalo lidagwira. Pa yankho padalibe adalimba mtima kulowa m'malo mwa malemu, choncho nsambo zokha ndi zimene zidayankha.

Ndime yachiwiri idadutsa. Pa funso kulemera kudabweranso, ndipo Finye adaona m'mbali mwa diso kuti mlamu wake wasiya kumwetulira. Nchenzi adayang'ana dzanja lake. Adayang'ana pansi pamene adaima, kumanzere kwa woimba, pafupi moti mapewa akadakhudzana. Malo amenewo ankawadziwa. Adawaona zaka zambiri ali chapatali, mtima ukumuwawa kuti mlongo wake akudzichotsa ulemu.

"Mwandipusitsa," adanong'ona.

"Inde, alamu," adayankha Finye pakati pa mawu a nyimbo, zala osaima.

"Mankhwala kulibe."

"Kulibe."

"Ndikasiya igwa."

"Igwa."

Chala chimodzi cha Nchenzi chidamasuka. Mutu wa mandolini udatsika pang'ono, ndipo Finye adamva kutsikako m'mimba mwake. Likongwe, ali kutali kumene adamuika, adaleka masewera ake n'kukhala tsonga. Nzeru zake zidathera pamenepo, ndipo adadziwa.

Idatsala ndime yomaliza, imene wapaulendo uja amanena kuti kumene wachokera kulibenso womudziwa. Finye sadapemphe, sadayang'ane mlamu wake. Adatseka maso n'kuimba monga ankaimbira Nabengo ali pambali pake, pokumbukira fungo la utsi m'duku lake ndi mmene ankamugunda ndi chigongono akafulumiza nyimbo. Adakoka mpweya waukulu kuposa yonse, mimba idafufuma mpaka khungu losupuka ndi ulimbo lija kuwawa, ndipo adafunsa funso lomaliza ndi mawu onse amene adali nawo.

Mandolini idakankhika mwamphamvu. Chala cha Nchenzi chija chidabwerera pamalo pake. Kenaka adabweretsa ndi dzanja linalo.

Nyimbo idatha. Nsambo zidalira mpaka kuzirala zokha, mandolini ili m'malo. Bwalo lidaphulika ndi nthungululu, koma awiriwo adangoima, Nchenzi akadagwirabe.

"Imalemera chonchi nthawi zonse?" adafunsa motsitsa.

"Pa funso paja, inde."

"Gule aliyense?"

"Gule aliyense, alamu."

"Ndipo ine n'kumamukalipira." Nchenzi adayang'ana manja ake. "Sadandiuze."

"Sadauze munthu."

Nchenzi adapukuta m'maso ndi phewa, poti manja adali otanganidwa. Kenaka adakumbukira kuti ndi mwinimbumba ndipo mbumba ikumuyang'ana. Adasiya mandolini m'manja mwa mwini wake bwinobwino, n'kukweza mawu.

"Tamverani nonse! Mkamwini uyu ndi nkhoswe yake apusitsa mwinimbumba pamaso pa mbumba yake. Umenewu ndi mlandu waukulu."

Onse adatembenukira kwa Finye, Nchenzi n'kupitiriza.

"Ndipo munthu wa mlandu sasudzulidwa. Angathawe nawo. Akhala pompano mpaka ndidzauzenge."

"Muuzenga liti, a mwinimbumba?" adafunsa Likongwe mwaulemu wonse.

"Ndikadzapeza nthawi. Mlandu suola. Tsegulani mowawo."

Mowa udamwedwa, wa msudzulo wopanda wosudzulidwa, ndipo akuti udali wokoma kuposa wa ukwati. Magule adabwerera pamudzipo. Finye akaima pabwalo, Nchenzi ankaima kumanzere kwake atagwira mutu wa mandolini, nkhope ili yokwinya. Mlendo akafunsa chimene mwinimbumba akuchita pamenepo, ankayankha kuti akulondera wamlandu.

Chaka chilichonse pokolola, Likongwe ankapita kukafunsa ngati nthawi yapezeka, ndipo chaka chilichonse Nchenzi ankati ntchito zachuluka. Adakalamba onse atatu akufunsana chomwecho. Finye atatsikira kuli chete, Nchenzi yemweyo ndi amene adatsogolera adzukulu kumanda n'kuwalozera pokumba, pafupi ndi mlongo wake. Adamuika pamenepo mlandu wake usanazengedwe.

Yanga yathera apa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaphule, isanasanduke makala.